Fani ndi sefa ya fungo ya m'tenti ya mbande: zomwe ndaona kuno ku Area 49

Zida zomwe ndikukambazi zimabwera m'katoni imodzi. Muli fani yozungulira yolumikiza pakati pa paipi, ya mainchesi 6 kapena kuti mamilimita 150, sefa ya kaboni yoyamwa fungo, paipi yofewa ya aluminiyamu, zomangira zachitsulo, malamba opachikira, ndi kabokosi koyendetsera liwiro la fani komwe kali ndi kachingwe koyezera kutentha ndi chinyezi. Dzina la kampani sindilitchula. Zina zomwe ndinene sizokoma, komanso maseti otchipa amtunduwu amafanana kwambiri, kusiyana kwake kumangokhala pa chomata cha pa katoni. Ndawagwiritsa ntchito m'chilimwe, m'dzinja ndi m'nyengo yozizira, ndiye ndikhoza kunena mosaphethira: fani ndi yabwino kuposa mtengo wake, sefa imagwira ntchito miyezi ina n'kugona miyezi ina, pomwe paipi ndi zomangira anangoikamo kuti katoni idzaze.

Ndimakhala m'nyumba ya lendi yogundizana khoma ndi banja lina. Panja ponse alandilodi anathira simenti, ndipo kampata komwe katsala ndi ka nkhuku za aneba. Mbande zanga ndimafesera m'kachipinda kakumbuyo, m'tenti ya masentimita 120 m'litali, 120 m'lifupi ndi 200 kupita m'mwamba, pansi pa getsi la LED la mawati 240. Ndimafesa tomato, tsabola wobiriwira, kambuzi, basil ndi minti. Mbande za tomato ndi tsabola amagula ndi anthu a madimba komanso anzanga akuntchito omwe ali ndi mapuloti ku Area 25 ndi kunjira ya Bunda. Basil ndi minti ndimagulitsa masamba. Amene anafesapo nazale panja mu Januwale akudziwa chomwe mvula ya usiku umodzi imachita, ndipo amene anagulapo mbande zooneka bwino n'kupeza kuti zabwera ndi ntchentche zoyera akudziwa chifukwa chake anthu amalipira mbande za m'nyumba.

Funso lija lomwe muli nalo, loti kodi m'tentimo sindikulima chamba, inenso ndafunsidwa. Ayi, si chamba. N'zoona kuti kunja matenti ndi masefa amenewa amagulidwa kwambiri ndi olima chamba, ndipo n'chifukwa chake pa katoni amalonjeza za fungo kuposa china chilichonse. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale mu 2020, koma ndi wa anthu okhala ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority, osati wa m'chipinda chogona ku Gulliver. Sefa siisintha lamulo. Alandilodi ndinawaitana ndekha n'kuwatsegulira zipi, anaona tomato, anapempha mbande zingapo, nkhani inathera pomwepo.

Fungo langa linali la manyowa. Feteleza wa m'sitolo anakwera, ndipo mbande zimakula bwino ndi manyowa amadzi, aja onyika zitosi za nkhuku m'thumba m'chidebe kwa masabata awiri n'kusungunula. Nthawi zina ndimaonjezera madzi a zotsalira za nsomba, ndipo tizilombo ndimapopera ndi adyo, tsabola ndi nimu. Zonsezi m'kachipinda kofunda kotseka chitseko. Tsiku lina mayi a nyumba inayo anandipeza pa mpopi. "Aneba, pepani, kodi kwanuko sikunafe khoswe m'siling'i?" Anafunsa mwaulemu, koma zenera la khitchini lawo lili pafupi ndi la kachipindako, ndipo mayi a kunyumba kwanga anali atanena kale zomwezo mopanda ulemu wotere.

Ndiyambe ndi kukula kwa fani, poti apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Tenti yanga imalowa mpweya wokwana makiyubiki mita 2.88, ndiko kuchulukitsa 1.2 ndi 1.2 ndi 2. Olima m'matenti amati mpweya wonse uzisinthidwa pa mphindi imodzi mpaka zitatu zilizonse. Kwathu kuno kotentha tengani mphindi imodzi. Ndiye 2.88 kuchulukitsa ndi 60 ikupereka makiyubiki mita pafupifupi 173 pa ola. Koma nambala yolembedwa pa fani ndi ya fani yomwe ikupuma momasuka, yopanda sefa kutsogolo ndi paipi kumbuyo. Sefa yokha imadya pafupifupi kota ya mphamvuyo, paliponse pomwe paipi yapindika padyedwanso ina, ndipo mukaphatikiza zonse mupeza kuti tenti ngati yangayi ikufuna fani yokoka pafupifupi 300 pa ola. Ngati katoni yalembedwa CFM, kutanthauza makiyubiki fiti pa mphindi, chulukitsani ndi 1.7 kuti mupeze makiyubiki mita pa ola.

Fani zambiri za mainchesi 4 zimalembedwa CFM pafupifupi 200, zomwe ndi 340 pa ola. Papepala zikukwana. Koma kukwana kwake n'kwakuti izithamanga liwiro lomaliza usana ndi usiku, ikulira, ndipo Okutobala akafika mulibe poonjezera. Za mainchesi 6 zimakhala cha m'ma CFM 400. Yanga ili ndi masitepe khumi a liwiro. Nthawi zambiri imakhala pa 3 kapena 4, ndipo ukaima pakhonde chitseko chili chotseka suimva. Pa 10 imamveka mpaka pabalaza, koma chomwe chimasokosa kwambiri si mota, ndi mphepo yothamanga m'paipi. Gulani yaikulu muziiyendetsa pang'onopang'ono. Kusiyana kwa mtengo n'kochepa poyerekeza ndi kuitanitsa kawiri.

Mota yake ndi ya mtundu wa EC, yomwe liwiro lake limayendetsedwa ndi tizipangizo ta magetsi ta m'kati mwake, ndipo ichi ndi chinthu choyamba choti muone musanalipire. Fani zotchipa kwambiri zili ndi mota wamba ya AC ndi kachotembenuza konga ka getsi, ndipo ukachepetsa liwiro zimayamba kung'ung'udza phokoso lopyola khoma. Mnzanga wina ku Area 18 ali ndi yotere, amangoisiya pa liwiro lonse chifukwa ikachepetsedwa sagona. Ya EC imatsika liwiro mwakachetechete ndipo magetsi amatsikanso nayo. Yanga pa liwiro lapakati imadya mawati osapitirira 20. Tsiku lonse ndi theka la yuniti, pamwezi mayunitsi 15 kapena kucheperapo. Getsi la mawati 240 loyaka maola 16 limadya mayunitsi oposa 110 pamwezi. Ndiye ngati mukudandaula za mita, wolakwa si fani.

Chachiwiri choti muone ndi mphamvu ya magetsi. Kuno ndi 230V, 50Hz. Zida zambiri zomwe mumaona pa YouTube, monga za AC Infinity ndi Vivosun, zili ndi mitundu ya ku America yomwe pulagi yake ndi ya magetsi a 120V, ndiye werengani chomata cha pa chida chomwe mukugulacho, osadalira chithunzi. Zanga anandigulira mlamu wanga ku Johannesburg n'kuzikweza basi yodzera ku Dedza. Magetsi a ku South Africa ndi ofanana ndi athu, koma pulagi ndi ya mano atatu obulungira, pomwe masoketi athu ndi a mano amakona. Adaputa za pa msika zimakhala zolobodoka, ndipo chinthu choyaka maola 24 pafupi ndi madzi sichofunika kulumikizana kolobodoka. Ndinadula pulagiyo n'kuika ya kwathu yokhala ndi fuzi. Ndinaikanso kagadi kaja ka firiji komwe kamachedwetsa magetsi akangobwera, chifukwa kabokosi koyendetsera fani kakapsa simukapeza pa Malangalanga.

Kabokosiko ndikayamikira pa chinthu chimodzi chomwe pa katoni sanachilembe n'komwe: magetsi akathima n'kubweranso, kamakumbukira pomwe unakasiya ndipo fani imayamba yokha. Zida zina zimadikira munthu adzadine batani. Kumayiko komwe magetsi sathimathima palibe amene amaganizako, koma kuno zingatanthauze tenti yotseka yomwe getsi layakanso, fani ili zii, inu muli ku ntchito ku City Centre. Funsani wogulitsa, ndipo akayankha mozungulira musagule. Pomwe kabokosika kamaperewera ndi pa kachingwe koyezera. Kutentha kamayeza bwino, koma pa chinyezi kamasiyana kwambiri ndi kachipangizo kena komwe ndinapachika pambali pake, ndipo kakadonthedwa madzi kamakhala tsiku lonse kakunena zabodza. Kapachikeni pamsinkhu wa masamba, pamthunzi, kutali ndi popopera.

Kumanga kwake sikovuta, koma kapepala ka malangizo n'kachidule zedi. Sefa imakhala m'kati mwa tenti, pamwamba penipeni, poti mpweya wotentha umakwera. Kenako fani, kenako paipi yotulukira kunja. Fani izikoka mpweya kudzera m'sefa, osati kuukankhiramo, ndipo pa fani pali muvi wosonyeza komwe mphepo ikulowera. Sefa ndi yolemera, imaposa fani kutali, ndipo timizati ta denga la tenti yotchipa timawerama. Ine ndinaonjezera ndodo ya tsache yopingasa pamwamba kuti katunduyo agawanike.

Malamba omwe anabwera nawo ndi olimba, koma kulimbako ndi komwe kumatumiza kunjenjemera kwa fani ku mizati ya tenti, mizati n'kutumiza pansi, ndipo usiku umamva kaphokoso kosalekeza kochokera pena paliponse. Mankhwala ake ndi malegeni, omwewa a akabaza omangira katundu. Ndinapachika fani pa malegeni awiri opinda pawiri, kaphokoso kanatha. Sefa ndinaisiya pa malamba chifukwa mphira umatha ndi kutentha, ndipo sefa ikagwera pa matileyi a mbande palibe chotola. Malegeni a fani ndimawayang'ana kawirikawiri, akayamba ming'alu ndimasintha.

Tsopano paipi. Ndi ya aluminiyamu wopyapyala kwambiri wokulunga pa waya. Inang'ambika pomwe ndinkaivala pakamwa pa fani, ndipo ukaiyang'anitsa ku getsi umaona timabowo ting'onoting'ono m'mapindiro. Bowo lililonse lomwe lili kunja kwa tenti, pomwe mpweya wadutsa kale pa fani, silivuta pa fungo, poti mpweyawo wasefedwa kale, koma limabwezera kutentha ndi chinyezi m'chipinda. Bowo loopsa ndi la pakati pa sefa ndi fani, chifukwa pamenepo fani imakoka mpweya wonunkha mwachindunji osadutsa m'kaboni. N'chifukwa chake ndinalumikiza sefa ndi fani pakamwa ndi pakamwa, popanda paipi pakati, n'kukulunga tepi ya aluminiyamu. Zomangira zomwe anaikamo sikuluwu yake imangozungulira ukamanga kwambiri. Ndinagula zina kwa ogulitsa zida za galimoto ku Biwi, zija zomangira mapaipi a injini, n'kulumikiza ziwiriziwiri kuti zikwane. Paipi ikhale yaifupi ndi yokokedwa bwino. Ikalendewera makwinya onse aja amagwira mphepo.

Komwe mpweyawo ukathere ndi nkhani yaikulu kuposa zida zonsezi, ndipo palibe wogulitsa amene angakuuzeni. Mukautulutsira m'chipinda momwemo, tenti imaukokanso, ndiye mukungozungulitsa kutentha komweko. Mukaulowetsa m'siling'i, chinyezi chimanyowetsa mabodi ndipo tsiku lotuluka m'nyumba mudzakangana ndi alandilodi. Ine ndinautulutsira pazenera. Kalipentala wa ku Mchesi anandidulira thabwa lokwana ndendende chigawo chimodzi cha zenera n'kuboola pakati. Kenako ndinapita kwa mdala wina wokhoma zidebe ndi mbaula kuti andipangire kamphete ka malata kovalapo paipi. Anatembenuza fani m'manja, anayeza pakamwa pake ndi kachingwe, osafunsa n'komwe kuti ndi ya chiyani. "Achimwene, kunjaku tiikenso kachipewa, mvula ya kuno imabwera chammbali." Anapinda lata n'kupanga kadenga koyang'ana pansi, n'kukhomera waya wa timabowo kuti makoswe, abuluzi ndi mavu asalowe fani ikaima. Pa zonse zomwe zili pa tentiyi, ntchito ya mdalayu ndi yomwe sindinaikhudzenso.

Mpweya wotuluka uyenera kukhala ndi polowera wina. Pansi pa tenti pali timazenera ta neti totseka ndi chivindikiro. Paipi ya mamilimita 150 pakamwa pake ndi masikweya sentimita pafupifupi 177, ndipo polowera pazikhala potambalala kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Mudziwa kuti zili bwino mukaona makoma a tenti akulowa m'kati pang'ono, ngati masaya a mwana amene akuyamwa malambe. Zikatero ndiye kuti mpweya ukulowa pa zipi ndi m'misoko, osati kutuluka, ndipo fungo lilibe njira ina koma ya m'sefa. Makoma akalowa mpaka kukanikiza mbande, tsegulani kazenera kena. Chitseko cha chipindacho chikhale ndi mpata pansi, kapena chigawo china cha zenera chikhale chotsegula, bola chisakhale choyandikana ndi potulukira. Neti ya patimazenerato ndi yoletsa udzudzu, ntchentche zoyera zimapyola. Yoletsa zimenezi ndi ija ya m'magirinihausi yomwe amati 50 mesh, koma imachepetsa mphepo, ndiye mukaiika tsegulani timazenera tonse.

Fani yaikuluyi imasintha mpweya, koma siigwedeza masamba. Pakufunika kafani kena kakang'ono m'kati, kozungulira uku ndi uku. Sikabwera m'setiyi. Kanga ndi kapatebulo wamba, ndipo mbande zoombedwa kamphepo zimakhala ndi tsinde lonenepa, sizimafooka zikafika kudimba. Kumachepetsanso matenda aja owoletsa mbande patsinde n'kuzigwetsa, omwe amakonda dothi lonyowa ndi mpweya wongoima.

Tifike pa sefa, yomwe ndi yodula kuposa zonse m'katonimo. Ndi chitini cha malata obooka timabowo, m'kati muli chitini china chaching'ono, ndipo pakati pa ziwirizi adzazamo kaboni. Achimwene anga ataiona anaseka, amvekere ndatumiza ndalama ku South Africa kukagula makala pomwe thumba lili kukhitchini. Kunena zoona ndi abale, koma si chinthu chimodzi. Kaboni wa m'sefa amamuphika ndi nthunzi pa kutentha kwa madigiri 800 kupita m'tsogolo, mpaka kambewu kalikonse kamadzaza timaenje tosaoneka ndi maso. Galamu imodzi yokha, mutatambasula makoma a timaenje take, ingakute masikweya mita oposa 500. Fungo limakakamira m'makoma amenewo. Makala a pa mbaula alibe timaenje tochuluka chotero, ndiye amangogwirako pang'ono n'kukhuta msanga.

Sefa yanga itatsika basi inali ikutaya fumbi lakuda. Ndinailumikiza ku fani panja n'kuisiya ipume kaye isanalowe m'nyumba. Ndikaigwedeza inkachita phokoso pang'ono cha kumutu, kusonyeza kuti kaboni anakhazikika panjira n'kusiya kampata. Mpweya ndi waulesi, umadzera pomwe palibe chotchinga. Ndinamata tepi kuzungulira timabowo ta kumutuko kuti udzere pomwe pali kaboni. Sefa yodzazidwa bwino siyenera kulira ikagwedezedwa, ndipo ngati amene akukuguliraniyo ali m'sitolo, muuzeni aigwedeze asanalipire.

Kodi imachotsa fungo? Kuyambira Meyi mpaka mvula isanayambe, inde, ndipo bwino lomwe. Fungo la basil, minti, adyo wopopera ndi dothi lonyowa limatheratu. Ndaimapo panja pansi pa kachipewa kaja mphepo ikundiomba kumaso, osamva kanthu koma mpweya wofunda. La madzi a nsomba limachepa kwambiri ngakhale silitheratu tsiku lothira. Koma pali fungo limodzi lomwe limadutsa ngati palibe sefa: lija lolasa m'mphuno la zitosi zosawola bwino. Limenelo ndi amoniya, ndipo kaboni wamba sagwira amoniya mokwanira. Si vuto la kampani imodzi, ndi mmene kaboni alili, koma pa katoni analemba ngati fungo lililonse latha. Amene vuto lake ndi zitosi, mankhwala ake ndi kuzisiya ziwole mokwanira, kusungunula kwambiri manyowa amadzi, ndi kusathira mopitirira. Ndipo chidebe chonyikira chikhale panja chovindikira. Sefa imangodziwa mpweya womwe wadutsa m'tenti.

M'dzinja nkhani imasintha. Mu Januwale ndi Febuluwale mpweya wa Lilongwe umakhala wonyowa kale, mbande nazo zikutulutsa nthunzi, ndipo getsi likazima chinyezi m'tenti chimapitirira 80 peresenti. Chinyezi chikadutsa cha m'ma 70, madzi amayamba kudzaza timaenje ta kaboni ndipo fungo limasowa pokhala. Nthawi imeneyo sefa yanga inkagwira mwina theka, ndipo aneba anayambanso kutseka zenera la khitchini madzulo. Mvula itatha inayambanso kugwira, koma osati ngati poyamba. Makina ochotsa chinyezi alipo, koma amadya magetsi ofanana ndi getsi lenilenilo, ndipo pa mbande za tomato masamu ake sakwana. Chomwe ndimachita m'dzinja ndi kuthirira getsi likangoyaka osati likamazima, kukhuthula madzi otsalira pansi pa matileyi, kuchepetsa matileyi m'tenti, ndi kusiya manyowa a nsomba mpaka Epulo. Amene akufuna tenti yolimira bowa asagule n'komwe sefayi. Bowa wa oyster amafuna chinyezi choposa 80 nthawi zonse, ndipo ufa womwe amatulutsa akakhwima umatseka sefa. Iwowo fani yokha ndi paipi yotulukira kunja basi.

Chilimwe chili ndi vuto lake. Sefa imabwera itavala kansalu koyera konga thonje, kogwira fumbi lisanafike pa kaboni. Ogasiti mpaka Okutobala, fumbi la katondo ndi utsi wa zinyalala zotenthedwa zimakasandutsa kofiirira m'masabata ochepa, ndipo fani imayamba kukoka movutika. Mumazindikira poona makoma a tenti akuphwa pomwe liwiro simunasinthe. Kansaluko kamachapika ndi madzi, koma kaume gwaa musanakabwezere. Anaikamo kamodzi kokha, zomwe ndi kuumira, poti pomwe kakuuma kaboni ali pamtunda. Telala wina anandisokera kachiwiri ndi thonje lija lopyapyala la m'maduveti, ndipo kakugwira ntchito chimodzimodzi.

Pa kutentha, musayembekezere zozizwitsa. Fani siiziziritsa mpweya, imangobweretsa womwe uli m'chipinda. Masana a Okutobala ndi Novembala panja pamafika madigiri 30 ndi kupitirira, m'kachipinda ka denga la malata n'kuposa pamenepo, ndipo getsi limaonjezera ake. Tomato amakonda pakati pa 21 ndi 27 masana. Ngakhale pa sitepe 10, tenti yanga inkakhalabe yotentha kuposa chipinda ndi madigiri awiri kapena atatu. Chomwe chinathandiza ndi kutembenuza tsiku: getsi limayaka 5 koloko madzulo n'kuzima 9 koloko m'mawa, ndiye maola otentha kwambiri mbande zili mumdima. Mu Juni ndi Julayi ndondomeko yomweyi imathandiza mwa njira ina, chifukwa usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10 ndipo getsi ndi lomwe limafunditsa. Apo fani ndimaitsitsa pa 1 kapena 2. Ikakoka kwambiri dothi la m'matileyi limazizira, mizu imalephera kutenga fosifolasi, ndipo masamba a tomato amasanduka ofiirira kunsi. Kabokosi kamalola kuika malire, kuti kutentha kukadutsa pomwe mwanena liwiro likwere lokha, kukatsika litsike. Musaike kuti fani iziima kotheratu, chifukwa ikaima fungo limatulukira pa timazenera tapansi.

Magetsi akathima, getsi limazima ndipo kutentha kumatsika, ndiye munthu angaganize kuti palibe vuto. Vuto ndi chinyezi. M'tenti yotseka yopanda fani, makoma ake onyezimira a m'kati amayamba thukuta pasanathe ola, madontho n'kumagwera pamasamba. Getsi sindingaliyatse ndi inveta yanga, koma fani ndimatha. Batire la 12V, 100Ah limasunga mphamvu yokwana kuyendetsa chinthu cha mawati 1,200 kwa ola limodzi, ndipo ngati ndi la mtovu mumagwiritsa theka kuti lisafe msanga. Theka limenelo limayendetsa fani ya mawati 20 usiku wonse ndi masana ake, ngakhale mutachotsapo zomwe inveta imadya yokha. Apa mota ya EC imabwezanso ndalama zake. Amene alibe inveta atsegule zipi zonse magetsi akangothima, ndipo ngati masana pakhomo sipakhala munthu, aganize kawiri za tenti.

Funso loti ndani agule lili ndi mayankho awiri. Fani agule aliyense amene ali ndi tenti, palibe kuchitira mwina, ndipo iyiyi ndingaigulenso mawa. Sefa ndi ya munthu wa nyumba yogundizana kapena ya m'mwamba, amene zenera lake likupumira kwa anzake. Ngati muli ndi mpanda wanuwanu ndipo paipi ikutulukira ku bwalo lanu, ndalama ya sefa gulirani batire. Mudzapezanso kuti fani yopanda sefa imakoka bwino pa liwiro lotsika. Kumbukiraninso kuti sefa si yogula kamodzi. Opanga amati imakhala chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ndi fumbi ndi dzinja la kuno ine ndingawerengere chaka ndi miyezi yochepa. Kuiyanika padzuwa kumachotsa madzi okha, fungo lomwe lakakamira silichoka. Yatsopano iyeneranso kuchokera kunja, yolemera, yolipira msonkho wa pachipata, ndipo kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chimaluma.

Sefa yangayi yayamba kutopa, basil akumveka pang'ono pazenera ngakhale kunja kuli kouma. Chitini chake chilibe vuto, chomwe chatha ndi kaboni. Mutu wake anaumanga ndi marivetsi, ndipo mdala wa zidebe uja wati akhoza kuwaboola n'kuika masikuluwu kuti izitseguka. Ndauza mlamu kuti ulendo uno asagule sefa yathunthu, afunse kaboni wa mpweya wogulitsa pa kilo, wa timibulu, osati wa ufa wosefera madzi amene angatseke mphepo. Podzaza tidzayenera kumagogoda chitinicho pang'onopang'ono mpaka chisiye kulira.